Malipiro a pa kontirakiti ndi ena, olowa mu akaunti ndi ena: bajeti ndiyambire pati?

Kambalame_24
Moni nonse a pagulu pano. Ndayamba ntchito yolembedwa miyezi itatu yapitayo, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa ndazindikira kuti ndinaphonya masamu pachiyambi pomwe. Kuti nkhani imveke bwino popanda kutchula ndalama zenizeni, tiyerekeze kuti malipiro olembedwa pa kontirakiti yanga ndi 1,000 pamwezi. Nditangosayina kontirakitiyo ndinapita kukafuna nyumba, ndipo popeza ndinali nditamvapo kuti lendi isapitirire 30 peresenti ya malipiro, ndinalowa nyumba ya 300 mtima uli m'malo. Tsiku lolandira litafika, mu akaunti munangolowa 730. Pa pepala la malipiro panalembedwa kuti adula 190 ya msonkho, 50 ya penshoni ndi 30 ya inshuwalansi ya zaumoyo.

Panopa zinthu zili chonchi: lendi 300, mayendedwe opita ndi kubwera kuntchito 120, chakudya 200, magetsi, madzi ndi foni 70, komanso 50 imene ndinalonjeza kutumizira makolo mwezi uliwonse. Mukaphatikiza mupeza 740, kutanthauza kuti ndisanagule ngakhale sopo ndimakhala nditapitirira kale ndi 10. Miyezi iwiri yotsatizana ndabwereka ndalama kwa mnzanga m'sabata yomaliza ya mwezi, ndipo manyazi ayamba kundigwira. Inu amene mwakhala pantchito nthawi yaitali, bajeti yanu mumayambira pati, ndipo pa zimene ndalembazi ndidule chiyani?

Mlembi_wa_Malipiro
A Kambalame, musadzione ngati ndinu nokha. Ine ndagwira ntchito yokonza malipiro a anthu kwa zaka zambiri, ndipo palibe chaka chimene chimatha popanda wantchito watsopano kugogoda pa ofesi, pepala lili m'manja, nkhope itagwa, kudzafunsa kumene kwalowera ndalama zake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndalama ya 1,000 ija ndi nambala imene mumagwirizanirana ndi abwana. Yanu yeniyeni, imene mungagulire chinthu, ndi 730, ndipo masamu onse a pakhomo ayenera kuyambira pamenepo. Mukawerengera motero, lendi yanu si 30 peresenti ayi, koma ndi 41 peresenti ya ndalama imene mumaigwira, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lanu lalikulu.

Ndikupempheni kuti muike mapepala onse atatu a malipiro pamodzi ndipo muwerenge mzere uliwonse. Zodulidwa zimakhala za mitundu iwiri. Pali zimene lamulo limakakamiza, monga msonkho komanso, m'mayiko ambiri, penshoni, ndipo zimenezi simungazipewe. Palinso zimene munthu anavomera yekha posayina, monga inshuwalansi yowonjezera, ndalama za bungwe la antchito kapena ngongole yodulira pa malipiro, ndipo zimenezi mungathe kuzifunsa, mwina ngakhale kuzisintha. Chinanso n'chakuti ngati mumalandirako ovataimu kapena alawansi imene imabwera mwezi uno n'kusowa mwezi winawo, musaiike mu bajeti. Tengani mwezi umene munalandira zochepa kwambiri, ndipo nambala imeneyo ndiyo maziko anu.

Tsabola
Palibe chifukwa chozungulira. Nyumbayo yakukulirani, samukani.

MayiWaAtatu
A Tsabola, kusamuka sikuchitika ndi pakamwa. Nyumba yatsopano imafuna dipoziti, katundu amafuna galimoto yomunyamula, ndipo ngati a Kambalame anasayina pangano la miyezi ingapo, kutuluka msanga kungawatayitse dipoziti imene anapereka kale. Chachikulu chimene anthu amaiwala n'chakuti nyumba yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala kutali ndi kuntchito, moti zimene wapulumutsa pa lendi umakazisiya pa mayendedwe. Ine ndinachitapo zimenezi: ndinatsitsa lendi ndi 60, mayendedwe anakwera ndi 45, ndipo pamwamba pake ndinkataya pafupifupi maola awiri tsiku lililonse panjira. N'chifukwa chake lendi ndi mayendedwe ndimaziwerengera ngati mzere umodzi. Kwa a Kambalame mzere umenewu ndi 420, umene ndi pafupifupi 58 peresenti ya 730, ndipo nyumba iliyonse imene angaiganizire ayenera kuiyeza ndi nambala imeneyi, osati ndi 300 yokha.

Tsabola
Ndavomera mbali ya mayendedwe, mayi, koma mfundo yanga ikadali pomwepo. Munthu sangachepetse chakudya mpaka kalekale pofuna kusangalatsa mwininyumba.

Chiwerengero
Ine ndimatsata njira yogawa ndalama patatu: 50 peresenti pa zofunika zimene sungazembe, 30 peresenti pa zimene mtima ukufuna, ndi 20 peresenti yosunga kapena yobweza ngongole mopitirira mlingo wokakamizidwa. Njirayi inatchuka mu 2005 kudzera m'buku limene Elizabeth Warren, yemwe pambuyo pake anadzakhala senata ku United States, analemba ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi. Anthu ambiri amaigwiritsa ntchito molakwika chifukwa sadziwa kuti imawerengera ndalama yotsala atachotsa msonkho wokha, kutanthauza kuti penshoni ndi inshuwalansi zimene zadulidwa umazibwezeramo kaye. Pa nkhani ya a Kambalame, tiyambira pa 810, ndipo 50 ya penshoni ija ikulowa kale m'gawo losunga, pamene 30 ya inshuwalansi ikulowa m'gawo la zofunika. Choncho a Kambalame si kuti sakusunga kalikonse. Akusunga kale pafupifupi 6 peresenti, kungoti ndalamayo sangaikhudze mpaka atapuma pantchito.

Nyenyezi_82
A Chiwerengero, masamu anu ndi oona, koma tayesani kuwatsiriza. Theka la 810 ndi 405, pamene zofunika za a Kambalame, kuphatikizapo inshuwalansi, zikukwana 720. Kodi munthu ameneyu mukumuuza kuti achite chiyani ndi lamulo lanulo, kupatula kudziona ngati wolephera? Kugawa kotereku kumayenda bwino kwa munthu amene malipiro ake ali patali ndi mtengo wa zinthu zoti akhalire moyo. Kale mu 1857, katswiri wina wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, anasonyeza kuti banja likamapeza zochepa, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakhala lalikulu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: wolandira zambiri sadya kakhumi kuposa wolandira zochepa, ndipo mimba siidziwa peresenti. Ine sindikana kuti njirayo ili ndi phindu ngati chandamale cha kutsogolo, koma kuyambira pamenepo n'kuvala malaya a munthu wina.

Chiwerengero
Sindinanene kuti afike pa 50 mwezi wamawa. Ndanena kuti adziwe kutalika kwa ulendo, chifukwa munthu amene zofunika zake zikudya pafupifupi 90 peresenti ayenera kudziwa kuti kuchepetsa tinthu ting'onoting'ono sikumuthandiza, ndipo ayenera kugwira mzere waukulu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ana anga, nonse mukukangana za manambala amene a Kambalame alemba, koma ine chikundidetsa nkhawa ndi chimene sanalembe. Mu bajeti yawo mulibe zovala, mulibe mankhwala amene inshuwalansi siilipira, mulibe kukonzetsa foni ikagwa pansi, mulibe ulendo wadzidzidzi, mulibe chiphaso chilichonse chimene chimatha ntchito pakatha chaka. Zinthu zimenezi sizibwera mwezi uliwonse, n'chifukwa chake munthu akamalemba bajeti saziona, koma ndi zimenezi zimene zimagwetsa anthu m'ngongole.

Ndikuuzeni mmene ndinadziwira. Kwa zaka zambiri ndili pantchito ndinkakhulupirira kuti ndine munthu watsoka, chifukwa mwezi uliwonse umene ndinkati zinthu zayamba kuyenda, pankagwa kenakake. Tsiku lina nditadwala n'kukhala pakhomo, ndinatsitsa chitini chimene ndinkaponyamo malisiti, ndinawakhuthulira pa tebulo n'kuyamba kuwasanja mwezi ndi mwezi. Ena anali atafufutika moti ndinkachita kuwayang'anitsitsa pawindo kuti ndione nambala. Nditamaliza kusanja a zaka ziwiri, ndinaona chinthu chimene chinandichititsa manyazi: zimene ndinkazitcha zadzidzidzi zija zinkabwera m'miyezi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Fizi ya ana inkabwera pa nthawi yake, nsapato zawo zinkatha pa nthawi yake, ngakhale denga linkadontha pa nyengo yake. Panalibe tsoka lililonse, koma ine ndinkawerengera moyo wanga masiku 30 okha pamene moyowo umayenda ndi miyezi 12.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatenga kope kumayambiriro kwa chaka, n'kulemba chilichonse chimene chidzafune ndalama kamodzi kapena kawiri pachaka, n'kuphatikiza, n'kugawa ndi 12. Nambala imene inkatuluka ndinkailipira mwezi uliwonse ngati mmene ndinkalipirira lendi, kungoti ndinkailipira mu envulopu yanga. A Kambalame, musanadule chilichonse, chitani kaye zimenezi, chifukwa ndikukayika ngati mukupitirira ndi 10 yokha.

Kambalame_24
Mayi, mwandigwira penipeni. Ndayesa kulemba mwachangu zimene mwatchulazi, ndipo zikukwana pafupifupi 360 pachaka, kutanthauza 30 pamwezi. Ndiye kuti dzenje langa ndi la 40, osati 10 monga ndimaganizira. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ndalama imene ndimabwereka kwa mnzanga imaposa imene pepala langa limasonyeza.

Kalulu77
Ndifunseko pang'ono ngakhale nkhani yanga ikusiyana ndi ya a Kambalame. Kuntchito kwathu anandiuza kuti ndikhoza kumagwira ovataimu, koma anzanga ena anandiletsa, amvekere malipiro akakwera umalowa m'gulu la msonkho wapamwamba ndipo umatha kulandira zochepa kuposa poyamba. Miyezi inayi tsopano ndakhala ndikukana. Kodi zimenezi n'zoona?

Mlembi_wa_Malipiro
A Kalulu, anzanuwo akutayitsani ndalama. M'mayiko amene msonkho wa malipiro umakwera m'magawomagawo, mlingo wapamwamba umakhudza ndalama yokhayo imene yapitirira malire, osati malipiro onse. Ndipereke chitsanzo chongopeka kuti muone mmene zimayendera. Tiyerekeze kuti 300 yoyamba siidulidwa msonkho, kuyambira pamenepo kufika pa 1,000 amadula 25 peresenti, ndipo kupitirira 1,000 amadula 35 peresenti. Wolandira 1,000 alipira 25 peresenti ya 700, imene ndi 175, ndipo atsala ndi 825. Akawonjezera 100 ya ovataimu, 35 peresenti ija ikhudza 100 yokhayo, ndiye msonkho wonse ukhala 210 ndipo atsala ndi 890. Mukuona kuti pa 100 wapeza 65, ndipo sanataye kalikonse. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti nambala ya msonkho pa pepala imaoneka yaikulu kuposa ya mwezi watha, ndipo maso amathamangira pamenepo m'malo moyang'ana mzere wapansi. Chokhacho chimene muyenera kufufuza n'chakuti ngati mumalandira thandizo lina limene limaperekedwa kwa okhawo amene malipiro awo sapitirira mlingo wakutiwakuti, kukwera kwa malipiro kungakuchotseni pa thandizolo, koma imeneyo ndi nkhani ina, si ya msonkho.

Ndingowonjezera kuti kudula msonkho malipiro asanafike kwa mwini wake si chinthu chakalekale monga ambiri amaganizira. Ku United States kunakhazikika mu 1943, ndipo ku Britain njira yotchedwa PAYE inayamba mu 1944, zonsezi pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ubwino wake ndi woti wantchito sakhala ndi mulu wa msonkho woti alipire pakutha pa chaka, koma kuipa kwake ndi kumene a Kambalame akumana nako, kuti munthu amaloweza nambala imene sadzaigwira.

Kalulu77
Zikomo kwambiri, bambo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya la miyezi inayi.

Wa_Sabata_ndi_Sabata
Malangizo onsewa akupita kwa anthu olandira pamwezi. Ife amene timalandira sabata iliyonse tili ndi vuto lathu, chifukwa lendi imafuna mulu umodzi pamene ndalama imabwera m'tizidutswa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mwezi si masabata anayi. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye wolandira 100 pa sabata amapeza 5,200 pachaka, kapena 433 pamwezi. Ine bajeti yanga ndimaipanga pa 400, ngati kuti mwezi uli ndi masabata anayi basi, ndipo kanayi pachaka pamabwera mwezi wokhala ndi masiku asanu olandira. Malipiro achisanuwo sindiwakhudza, amapita molunjika ku zinthu za pachaka zimene a Mphunzitsi anena. Olandira pa masabata awiri alionse nawonso amalandira ka 26 pachaka, choncho ali ndi miyezi iwiri imene amalandira katatu.

Nkhwazi_Yotopa
Ine ndikufuna kuchenjeza a Kambalame pa chinthu chimene sanafikepo, koma akuyandikira. Kubwereka kwa mnzanu kudzatha tsiku limene mnzanuyo adzatope, ndipo pamenepo padzabwera anthu okongoza ndalama amene amadula okha pa malipiro. Ine ndinalowa mumsampha umenewu zaka zingapo zapitazo. Wondikongozayo anandiuza kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pachaka, ndipo ndinaona ngati n'chopirika. Ndinatenga 1,200 kuti ndibweze m'miyezi 12, ndipo ankadula 120 mwezi uliwonse, zonse pamodzi 1,440. Chimene sindinadziwe n'chakuti 20 peresenti ija ankaiwerengera pa 1,200 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngakhale kuti ngongole inkachepa mwezi ndi mwezi. M'mwezi wa 12 ndinali nditatsala ndi 100 yokha, koma ndinkalipirabe chiwongoladzanja ngati kuti ndikusunga 1,200. Mukawerengera pa ndalama yotsala, monga mmene ziyenera kukhalira poyerekeza ngongole ziwiri, mtengo wake weniweni unali pafupifupi 35 peresenti.

Choipitsitsa chinabwera m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. Popeza malipiro anga anali atachepa ndi 120, mwezi sunkathanso bwino, ndipo anandiimbira foni mwaulemu kwambiri kundiuza kuti ndikhoza kuwonjezera ngongole pamwamba pa yoyambayo. Ndinavomera, ndipo patatha miyezi ingapo ndinavomeranso. Tsiku lina ndinatsegula pepala la malipiro n'kupeza kuti mzere wa ngongole ukuposa mzere wa msonkho, ndipo ndinalipinda msangamsanga kuti mnzanga wa pa desiki yoyandikana asaone. Zinanditengera zaka zitatu kuti ndituluke. Ngongole yotere siithetsa dzenje la 40 pamwezi, imangolikulitsa, chifukwa imachepetsa 730 yomwe ija imene ikulephera kale kukwanira.

Chiwerengero
Ndiwonjezere pa mfundo ya a Nkhwazi: aliyense akakutchulirani chiwongoladzanja cha pamwezi, chisandutseni cha pachaka musanasayine. Ngongole ya 5 peresenti pamwezi imene ikubereka pa chiwongoladzanja chake chomwe imakwana pafupifupi 80 peresenti pachaka, ndipo ya 10 peresenti pamwezi imachititsa kuti pakutha pa chaka ngongoleyo ikhale itachulukitsidwa kupitirira katatu. Amene ali ndi ngongole zingapo ayambe kubweza imene chiwongoladzanja chake n'chokwera kwambiri, kwinaku akulipira mlingo wokakamizidwa pa zinazo.

Nkhwazi_Yotopa
Pa masamu mukulondola, a Chiwerengero, koma ine ndinayamba ndi yaing'ono kwambiri, ndipo sindidandaula. Kuona mzere umodzi utachoka pa pepala la malipiro ndi kumene kunandipatsa mphamvu yolimbana ndi yotsatira. Ndikanayamba ndi yaikulu ija, ndikanatha chaka chathunthu osaona kusintha kulikonse, ndipo ndikudzidziwa kuti ndikanagwa ulesi.

Chiwerengero
Mphamvu imeneyo munaigula ndi chiwongoladzanja chowonjezera, koma ngati ndi imene inakufikitsani kumapeto, sinditsutsa.

Nyenyezi_82
Palibe amene wakhudza 50 ya makolo, ndipo ndikuona ngati tonse tikuizemba. Ine sindinganene kuti a Kambalame asiye kuthandiza makolo awo, koma ndikuona kuti lonjezo limenelo analipereka akuganiza za 1,000. Kunena zoona, panopa ndalama imene akutumizayo ndi ya mnzawo wowabwereka uja, ndipo sindikhulupirira kuti pali kholo limene lingakondwere kumva kuti mwana wake akulowa m'ngongole chifukwa cha ilo. Chimene chinandithandiza ine n'kuuza abale anga nambala imodzi imene ndingakwanitse mwezi uliwonse popanda kuphonya, ndipo ndinaona kuti amakonda ndalama yochepa yodalirika kuposa yambiri imene imabwera mwezi uno n'kusowa miyezi iwiri. Nawonso amakhala ndi bajeti yawo, ndipo amafuna kudziwa chimene angayembekezere.

MayiWaAtatu
Zimenezi n'zoona, ndipo n'chimodzimodzi m'banja. Kwa zaka zoyambirira za ukwati wathu amuna anga ankadziwa malipiro anga a pa kontirakiti, osati olowa mu akaunti, ndipo nthawi zonse ankadabwa kuti ndalama ndikupita nazo kuti. Mkangano unatha tsiku limene tonse tinaika mapepala athu pa tebulo.

Tsabola
Si banja lililonse limene kuika pepala pa tebulo kumathetsa mkangano, mayi. Kwina ndi kumene umayambira.

Woyang'anira_Gulu
Nkhani ya ndalama m'banja ndi yaikulu ndipo ikuyenera mutu wakewake, amene akufuna autsegule. Pano tiyeni tithandize a Kambalame kumaliza bajeti yawo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndibwerere ku kasungidwe. Ambiri amalemba bajeti yabwino koma ndalama zonse amazisiya mu akaunti imodzi, ndipo ndalama ikakhala pamulu umodzi imaoneka yambiri mpaka tsiku limene yatha. M'masiku anga ndinkagwiritsa ntchito maenvulopu, lililonse ndi dzina lake, ndipo la chakudya ndinkaligawanso m'masabata kuti sabata yoyamba isadye za sabata yomaliza. Masiku ano mungachite zomwezo ndi akaunti yachiwiri, makamaka yopanda khadi, n'kuuza banki kuti izisamutsa ndalamayo yokha tsiku lotsatira tsiku lolandira. Mukadikira kuti musunge zotsala kumapeto kwa mwezi, simudzapeza chotsala.

Chiwerengero
Zimene a Mphunzitsi ankachita ndi maenvulopu, akatswiri a zachuma anazifufuza kwambiri. Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2017, anafotokoza kuti anthu amaiona ndalama mosiyana malinga ndi dzina limene aipatsa m'maganizo, ngakhale kuti ndalama ndi imodzimodzi. Iye ndi Shlomo Benartzi anakonzanso ndondomeko imene wantchito amavomereratu kuti malipiro akadzakwera, gawo lina la kukwerako lidzapite kosunga asanalizolowere. Mfundo imeneyi ikuwakhudza a Kambalame, chifukwa panopa sangathe kusunga zambiri, koma angathe kulonjeza lero kuti theka la chilichonse chimene chidzawonjezeke lidzapita kosunga. Malangizo ofala ndi akuti munthu akhale ndi ndalama yapadera yokwanira zofunika za miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kwa iwo miyezi itatu ndi yoposa 2,000, ndipo imeneyo ndi ntchito ya zaka, choncho ayambe ndi chandamale chaching'ono, monga ndalama yokwanira lendi ya mwezi umodzi.

Nyenyezi_82
Koma musaiwale kukwera mitengo kwa zinthu. Pali kawerengedwe kachidule kogawa 72 ndi mlingo wa kukwerako: zinthu zikamakwera ndi 12 peresenti pachaka, m'zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi mitengo imawirikiza kawiri, ndipo ndalama yogona mu envulopu imagula theka la zimene inkagula. Envulopu ndi yabwino pa ndalama za mwezi uno kapena za chaka chino, koma ya zaka zambiri iyenera kukhala pamalo pamene ikubereka. Pa chifukwa chomwecho bajeti iyenera kuunikidwanso pakapita miyezi itatu kapena inayi, chifukwa 200 ya chakudya ya lero si 200 ya chaka chamawa.

Kambalame_24
Ndathokoza nonse, ndipo ndabwera ndi zimene ndachita m'masiku awiriwa. Ndinapita ku ofesi yoona za malipiro, ndipo anandifotokozera kuti msonkho ndi penshoni sizingasinthe, pamene inshuwalansi ndingathe kuitsitsa, koma ndasankha kuisiya chifukwa ndikadwala ndilibe pena pogwira. Pangano la nyumba latsala ndi miyezi itatu, ndipo ndalankhula ndi mnzanga wina wa kuntchito kuti ikatha tidzafune nyumba yogawana pafupi ndi kuntchito, imene gawo langa lingadzakhale pafupifupi 200. Ndinaimbiranso makolo n'kuwauza zoona zake za 730. Bambo anakhala chete kanthawi, kenaka anati iwonso malipiro awo oyamba anawadabwitsa momwemo, ndipo tinagwirizana 30 pamwezi kufikira nditasamuka.

Bajeti ya miyezi itatuyi ndaikonza motere: lendi 300, mayendedwe 110 popeza madzulo ena ndiziyenda wapansi mbali ina ya njira, chakudya 185 chifukwa ndizinyamula chophika kunyumba m'malo mogula masana, magetsi, madzi ndi foni 60, makolo 30, zinthu za pachaka 30, ndi 15 yoyamba kubwezera mnzanga uja, imene ikadzatha ngongoleyo idzakhala yosunga. Zonse zikukwana 730 ndendende.

Mlembi_wa_Malipiro
Mwachita bwino kuti ndalama iliyonse ili ndi ntchito yake mpaka pansi patsala ziro. Kalembedwe kotere kanachokera ku makampani, kumene Peter Pyhrr anakayambitsa ali ku Texas Instruments cha m'ma 1970, ndipo mfundo yake inali yoti chilichonse chofuna ndalama chizidzitetezera chokha mwatsopano m'malo mongotengera za chaka chatha. Pempho langa n'loti mwezi woyamba muzilemba chilichonse chimene mwagula tsiku lomwelo, chifukwa 185 ndi 110 zimenezi ndi zongoyerekeza, ndipo kope lokha ndi limene lidzakuuzeni ngati zikutheka.

Tsabola
Pamapeto pake mukusamuka ndithu, monga ndinanenera poyamba. Koma bajeti yanuyi ili ndi chilema chimodzi: mulibe ngakhale 5 ya inuyo. Munthu wachinyamata amene wangoyamba ntchito sangathe masiku 90 osacheza ndi anzake kapena kugula kanthu kosangalatsa mtima, ndipo tsiku limene mudzachite zimenezo mudzatapa mu envulopu ya zinthu za pachaka n'kudziuza kuti mubweza.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepa a Tsabola anena zoona, ndipo ine ndinaphwanyapo maenvulopu anga kangapo pa chifukwa chomwechi. Mwana wanga, chotsani 10 penapake muitche yanu, ndipo mukaidya musadziimbe mlandu. Ine ndikanaitenga pa foni ndi pa chakudya, 5 uku 5 uku, koma 30 ya pachaka ija musaikhudze.

Kambalame_24
Ndatenga 5 pa foni ndi 5 pa chakudya, monga mwanenera, mayi. Funso limodzi latsala: mwezi wamawa tikuyembekezera ovataimu ya masiku atatu. Ndiyambe ndi kumaliza ngongole ya mnzanga, kapena ndiisunge kuti idzathandize pa dipoziti ya nyumba yatsopano?

MayiWaAtatu
Mufunseni mnzanuyo ngati angadikire, chifukwa ngongole yake ilibe chiwongoladzanja pamene dipoziti ili ndi tsiku lake, ndipo yakale ija eni nyumba ambiri amabweza munthu atatuluka kale. Akavomera, mupatseni 15 yake mwezi uliwonse osaphonya, ndipo ya ovataimu ipite ku dipoziti. Akaonetsa kuti nayenso zamuthina, mubwezereni yonse tsiku lomwelo limene yalowa.